Madzi Amene Mukutayawo, Alipo Anawasenza

Ana anga, tsekani kaye mpopiwo, tikambirane.

Ndimakuonani m'mawa. Mswachi uli m'kamwa, maso ali pa foni, mpopi ukungothira. Ndimakuonani mukutsuka kapu imodzi ndi madzi okwanira kuphikira nsima ya banja lonse. Mukatha kuchapa, beseni lonse khuthu pabwalo, chonsecho nthochi ili pomwepo, masamba ake atafota. Sindikunena kuti ndinu ana oipa. Simunasenzepo, basi. Munthu amene sanaikepo ndowa ya malita 20 pankhata sadziwa kuti pamutupo pakhala makilogalamu 20. Sadziwanso mmene khosi limawawira ukagona usiku.

Madzi alionse amene afika pakhomo panu, alipo anawasenza. Gwirani mawu amenewa. Kumudzi amasenza ndi amayi anu ndi alongo anu. M'tauni amasenza ndi makina, ndipo makinawo amadya ndalama. Inu a ku Blantyre, madzi ambiri amene mumamwa amachokera ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho kuti afike ku Ndirande ndi ku Chilomoni. N'chifukwa chake magetsi akavuta mipopi imayamba kutulutsa mpweya. Inu a ku Lilongwe, anu amabadwira m'nkhalango ya Dzalanyama, n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Nkhalangoyo ikutha ndi makala amene tonsefe tikuphikira. Mu 2016 madamuwo anatsika kwambiri, madzi n'kuyamba kutuluka mosinthana, dera ili lero, dera lina mawa, ndipo mabwana a mataye anadzaza zigubu m'magalimoto kusaka pomwe pakudontha. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Izi sindinazimve kwa anthu. Ndinazilipira.

Nditangokwatira, ndili mkamwini kwawo kwa akazi anga cha ku Zomba, apongozi anandipatsa dimba m'mbali mwa kamtsinje. M'mphepete mwake munali mikuyu, katope ndi bango. Ine ndinaona ngati mitengoyo ikungotchingira dzuwa matimati anga. Ndinagwetsa. Ndinalima mpaka pamene madzi amalekezera, osasiya ngakhale udzu. Mapesi ndinkatentha kuti munda uzioneka woyera, anthu azinena kuti mkamwini uyu ndi wakhama. Kumtunda kwa dambo ndinabzalako bulugamu, maso ali pa ndalama za mapolo. Kuthirira ndinkathirira dzuwa lili paliwombo, chifukwa m'mawa ndinali ndi zina zondikomera. Apongozi sakanatha kundidzudzula pamaso, ndiye anatuma alamu anga. Alamuwo anandiuza mwaulemu kuti mitengo ija ndi imene imagwira madzi m'nthaka, ndipo bulugamu amamwa usana ndi usiku. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Mu 1995, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato, chitsime changa chinali choyamba kuuma m'dambo lonselo. Chilala sindinachibweretse ine, ayi. Koma mnzanga wa kumunsi, amene anasiya mitengo yake ndi bango lake, ankatungabe pang'ono pang'ono mpaka mvula inagwa. Ine ndinakumba, ndinapeza mchenga. Ndinakumbanso, mchenga. Matimati anali atayamba maluwa, anauma ndikuona. Feteleza anali wangongole. Ndinagulitsa njinga, ndinagulitsa mbuzi, ngongole osatha.

Za njinga ndinaiwala kalekale. Chimene sichindichoka mumtima ndi ichi. Chitsime chomwecho n'chimene tinkamwanso pakhomo. Chitauma, akazi anga ankadzuka tambala woyamba, mwana ali kumbuyo, kupita kumjigo wa mudzi wina kukaima pamzere. Mwana wathu wachisamba, mtsikana, ankawatsatira ndi kachigubu asanapite kusukulu. Ankafika mochedwa, ankasinza m'kalasi, ndipo chaka chimenecho anabwereza. Sanandinenepo kanthu, mpaka lero. Nkhwangwa ndinagwira ndine, koma khosi linawawa la ena. Mitengo ndinabzalanso, inde, koma mkuyu sukula ndi mvula imodzi, ndipo chaka cha mwana wanga sichinabwerere. Madzi akatayika saoleka.

Tsono mverani, inu amene mukadali ndi nthawi.

Yambani ndi nthaka. Nthaka yovula siisunga madzi. Mukakolola, mapesi musatenthe. Udzu wa m'mphepete, makoko a mtedza, masamba a nthochi, zonsezi yalani pa mabedi, phimbirani mpaka dothi lisaoneke. Mawa lake pisani chala pansi pa udzuwo. Mudzapeza chinyontho pamene bedi la mnzanu lachita kale ming'alu. Ikani manyowa ambiri, a khola kapena a kompositi, chifukwa dothi la manyowa limagwira madzi, pamene la mchenga wokhawokha limangowadutsitsa. M'chilimwe mabedi anu akhale olowa pansi, kuti madzi akhazikike pomwe pali mizu. Mabedi otumphuka ndi a nthawi ya dzinja.

Thirirani m'mawa dzuwa lisanatuluke, kapena madzulo litapendeka. Madzi a masana amamwako ndi dzuwa ndi mphepo. Thirirani patsinde, osati pamasamba, makamaka matimati, amene amagwidwa matenda masamba akamanyowa. Ndipo thirirani mokwanira kuti madzi alowe pansi, kenako mulekeze tsiku limodzi kapena awiri. Kuwazawaza pang'ono tsiku lililonse kumaphunzitsa mizu ulesi, imangoyandama pamwamba, ndiye tsiku limene mwadwala mbewu yonse yafota. Mtengo waung'ono wa mango kapena papaya, ukwirireni botolo pambali pake, lobooledwa timabowo kumunsi, muzithira madzi m'menemo. Botolo limodzi limagwira ntchito imene kheni yonse ikanalephera.

Musanyozenso ndiwo za makolo. Bonongwe, chisoso, luni, khwanya ndi kholowa zimapirira pamene kabichi ndi letesi zikulira madzi tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti kabichi ali ndi msika. Koma yang'anani kaye chitsime chanu musanagule mbewu. Dimba laling'ono lothiriridwa bwino limadyetsa banja. Lalikulu limene madzi ake atha mu Okutobala limangosiya ngongole.

Kumunda wa kumtunda, mizere isayang'ane kumunsi. Limani mopingasa chitunda, motsata akalozera, bzalani vetiva, ndipo tsekani mizere kuti mvula ikagwa iime pomwepo, ilowe. Madzi ofiira amene mumaona akuthamanga m'khwawa mu Januwale ndi omwewo amene mjigo wanu udzasowa mu Okutobala. M'mbali mwa mtsinje siyani malo osalima. Siyani mitengo. Siyani bango. Ndikubwereza chifukwa ine ndinauzidwa kamodzi, osamva: m'mbali mwa mtsinje siyani mitengo.

Mvula yathu imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, kenako miyezi yambiri kumwamba kuli mbee. Komabe timaiona ikutsika pamalata n'kukumba ngalande pakhomo, ife tili pakhonde manja ali m'thumba. Werengani nane. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Denga la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20 yokha, ya masana amodzi, limakupatsani malita 1,200. Amenewo ndi migolo 6 ya malita 200. Chofunika ndi gatala, ngakhale wa lata lakale lopinda, ndi mgolo kunsi kwake. Mvula yoyamba ilekeni itsuke denga, ichotse fumbi ndi zitosi za mbalame. Mgolowo muzivundikira nthawi zonse. Wosavundikira umaswetsa udzudzu, ndipo mwana wongoyamba kuyenda akasuzumiramo mutu umatsogola. Zimenezi si zoseka.

Za m'nyumba ndi zazing'ono, n'chifukwa chake mumazinyoza. Mpopi wodontha dontho limodzi pa sekondi umataya ndowa yathunthu pa tsiku, mwinanso kuposa, chonsecho kamphira kamene katha mkatimo mtengo wake sufika pa wa mayunitsi amene mumagula tsiku lililonse. Chimbudzi chogejemula chimene chimangolira usiku wonse ndiye wakuba wamkulu m'nyumba za m'tauni. Yesani izi: tsekani mipopi yonse, pitani pa mita, yang'anitsitsani. Ikamayendabe, penapake payipi yaphulika, ndipo bilu ya mwezi uno mulipirira madzi amene anamwa ndi nthaka. Mukaona payipi ya mumsewu ikutaya madzi, kaneneni. Musati ndi za boma. Mudzazipeza pa bilu yanu yomwe.

Madzi asatuluke pakhomo atangogwira ntchito imodzi. Otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba apite ku bedi la mpiru. Otsukuluzira zovala akolopere m'nyumba kapena agejemulire chimbudzi. A kubafa akumbireni kangalande kolowera ku nthochi, mudzaona mikoko yake. Okhawo ochapira matewera a mwana ndi amene ali ndi mankhwala oyeretsera zovala, amenewo apite kuchimbudzi, asayandikire ndiwo. Posamba tengani ndowa ndi kapu. Potsuka mbale tengani mabeseni awiri, lina la sopo, lina lotsukuluzira. Galimoto ndi njinga yamoto sizifuna payipi, ndowa ndi kansanza n'zokwanira.

Inu anyamata, ndikuyankhula ndi inu makamaka, chifukwa ndinali mmodzi wa inu. Mumasamba ndowa ziwiri, n'kutsuka nsapato ndi yachitatu, osafunsa kuti anatunga ndani. Mlongo wanu nayenso ali ndi mayeso. Nayenso tulo amatifuna. Muli ndi njinga, muli ndi wilibala, muli ndi mphamvu. Mangani zigubu, pitani kumjigo. Anzanu adzakusekani sabata imodzi, kenako adzazolowera. Ndipo mukatunga nokha kangapo, palibe amene adzafunike kukuuzani kuti mutseke mpopi. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ya komiti ya mjigo perekani mosang'ung'udza. Mjigo ukawonongeka thumba lili lopanda kanthu, mudzi wonse umabwerera kumtsinje.

Chilala chidzabweranso. Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chakudza sichiimba ng'oma. Gatala amaikidwa mvula isanabwere, mtengo umabzalidwa chitsime chikadali ndi madzi.

Koma pali malo amodzi pamene sindikufuna muumire, ngakhale madzi atasowa chotani. M'manja. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ena mwa iwo anthu amphamvu zawo amene dzulo lake anali kumunda. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, musanadye, musanadyetse mwana. Musasambe nonse m'beseni limodzi poti mukusunga madzi. Thiranani ndi jagi, kapena mangani mpondagiya pafupi ndi chimbudzi: kachigubu, chingwe ndi kamtengo kopondapo, madzi ake ndi ochepa zedi. Madzi akumwa, kaya ndi a pachitsime kaya a padenga, wiritsani kapena thiranimo klorini. Asungeni mu chidebe chovundikira, ndipo kapu yotungira ikhale yakeyake, yosamwera munthu.