KAMUNDA KA AGULUGUFE PA SUKULU NDI PA MUDZI

Mwezi watha, poyenda m'chigwa cha Domasi, ndinafika pa sukulu ina kunsi kwa phiri la Malosa, ndipo ndinapeza ana atazinga chitsamba ali kupha mbozi ndi timitengo. Nditawafunsa anati, "Izi ndizo zitha chimanga." Sindinawadzudzule. Chiyambire dzinja la 2016 ndi 2017, pamene mtundu wachilendo wa ntchemberezandonda unalowa m'minda mwathu, munthu akaona mbozi mtima ungomuuza kuti aphe. Koma mbozi zimene anapha ana aja sizilawa chimanga konse, ndipo nzabwino kuti aphunzitsi ndi makolo adziwe kusiyanitsa.

Mbozi ya m'chimanga njotuwa kapena yoderako. Ibisala m'kati mwa nsonga ya phesi, nisiya ndowe zonga utuchi. Pamutu pake pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda. Iyi iphani. Koma ya pa chitsamba chija siibisala. Ikhala poyera pa tsamba, ili ndi mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu yopingasa thupi lonse, ndiponso tinyanga tofewa tiwiritiwiri pa malo atatu. Imeneyi ndiyo isanduka gulugufe uja timuona m'njira masiku onse, wa mapiko ofiirira ngati njerwa yootcha, akuda kunsonga ndi madontho oyera. Akatswiri amutcha Danaus chrysippus, ndipo m'Chingerezi ati African monarch.

Kodi munaona kuti gulugufeyu auluka mwaulesi, wosaopa mbalame? Chifukwa chake chili m'chakudya cha mbozi yake. Iyo idya zitsamba za banja limodzi lokha, za utomoni woyera ngati mkaka. Chimene chipezeka kawirikawiri m'mbali mwa misewu ndi m'masala ndi chija chitalika mapazi anayi kapena asanu, cha masamba aatali opyapyala, ndi zipatso zofufuma zokhala ndi timinga tofewa, zimene ana akonda kuphulitsa. M'mabuku chilembedwa Gomphocarpus. Utomoni wake uli ndi ululu. Mboziyo isunga ululuwo m'thupi mwake osavulala, ndipo ukhalamobe ngakhale itasanduka gulugufe. Mbalame imene yamudya isanza, ndipo siibwerezanso. Palinso gulugufe wina, Hypolimnas misippus, amene alibe ululu wotere, koma wamkazi wake afanana naye kwambiri, kotero mbalame zimuleka nayenso. Wamphongo wake ngwakuda wa mawanga oyera, ndipo simungakhulupirire kuti ndi banja limodzi.

Gulugufe wathuyu ali ndi mbale wake ku America, ndipo mbiri yake itiphunzitsa kanthu. Chaka ndi chaka mbaleyo athawa chisanu cha ku Canada ndi United States, nauluka mamailosi oposa 2,000 kunka ku mapiri a ku Mexico. Akatswiri anafunafuna zaka zambiri kumene agulugufewo athera, nadzapeza malowo mu Januwale 1975, ngakhale eni dera anali kuwadziwa kale. Pambuyo pake chiwerengero chawo chinatsika kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mankhwala opha udzu anatha zitsamba za utomoni m'minda ikuluikulu. Tsopano anthu kumeneko achita kudzala zitsambazo pakhomo ndi pa sukulu. Kwathu kuno zikali kumera zokha, koma khasu, moto wa lupsa ndi mankhwala opopera sizisankha.

Sindifuna kukunamizani kuti gulugufeyu adzadzaza nkhokwe yanu. Pa ntchito yobereketsa maungu ndi mbewu zina njuchi zimposa kutali. Koma maluwa amene muwasungira iye adyetsanso njuchizo, ndipo mwana amene walera mbozi imodzi ndi kuipenyetsetsa sadzasokonezanso mbozi ina ndi inzake.

Tsono kakonzedwe kake nkotere. Sankhani malo a dzuwa, mayadi atatu m'litali ndi atatu m'lifupi, kutali ndi khola ndiponso kutali ndi dimba. Musanadzale kanthu mangani mpanda wolimba wa nsungwi kapena bango. Apa musachite mphwayi, pakuti chitsambachi chidwalitsa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, ndipo chingathe kuzipha. Kawirikawiri ziweto zichipewa, koma m'mwezi wa Okutobala msipu utatha, mbuzi yanjala siisankha. Mphunzitsi amene aphetsa mbuzi ya mwini chifukwa cha agulugufe adzakhala ndi mlandu kwa a mfumu, ndipo ine sindidzamuikira kumbuyo.

Tengani zipatso zimene zayamba kuuma ndi kung'ambika. M'kati mudzapeza njere zoderako, iliyonse ndi ubweya wake wonga thonje. Chotsani ubweyawo, sungani njere m'pepala pouma, ndipo mvula yoyamba ikagwa fesani mosazamitsa, potalikirana mapazi awiri. Mbewu zisanu ndi imodzi zikwanira. Zikabala, thyolani zipatso zambiri zisanaphulike, kuti mphepo ingamwaze njere m'minda ya anzanu. Ana asambe m'manja akakhudza utomoni. Ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Awuzeninso kuti mbozi izi si mphalabungu ndipo sizidyedwa.

Gulugufe wamkulu sadya masamba, amwa timadzi ta m'maluwa. Musavutike kugula mbewu. Lekani chisoso china chikule kufikira chichite maluwa, onjezani mpendadzuwa pang'ono, ndipo maluwa a m'thengo amene amera okha m'mpandamo musazule. Lantana musadzale ngakhale agulugufe amukonda, pakuti akalowa m'munda satuluka. M'kamundamu musapoperemo mankhwala. Nsabwe zachikasu zikachuluka pa nsonga zichotseni ndi madzi, ndipo anunkhadala akabwera atoleni m'mamawa asanapite ku chinangwa.

Wamkazi aikira dzira limodzilimodzi kunsi kwa tsamba, laling'ono ngati mutu wa phini. Patapita masiku atatu kapena asanu lituluka kambozi, ndipo kadya ndi kufundula khungu kwa milungu ngati iwiri. Kenaka ilendewera chozondoka nisanduka chikwa chobiriwira, nthawi zina chofiirira pang'ono, cha timadontho tonga golide. Mphunzitsi angadule tsamba kapena kanthambi kamene chikwacho chagwira, nachiika m'botolo lalikulu lotseka ndi kansalu, pamthunzi m'kalasi. Pa sabata limodzi kapena masiku khumi chikwacho chida, mapiko nayamba kuonekera m'kati. Gulugufe akatuluka musamugwire kufikira mapiko atauma, ndipo mumutulutse tsiku lomwelo. Ana alembe m'makope mwawo tsiku la dzira, la mbozi, la chikwa ndi la kuuluka, ndipo ajambule mboziyo pambali pa ya m'chimanga.