PHUNZIRO LA M'RAMADHANI: CHIWAWA CHIMAYAMBA BWANJI?

Abale ndi alongo, kusala sikuleka chakudya ndi madzi kokha ai. Lilime ndi manja nazonso ziyenera kusala. Tsono tiyeni tione m'mene chiwawa chimabadwira.

M'chaka cha 2017, mwezi wa September, kunabuka mphekesera ku Mulanje yakuti kuli anamapopa, anthu opopa anzawo magazi usiku. Mphekeserayo inafalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mu Blantyre. Anyamata anayamba kutseka misewu ndi kufunsa aliyense wachilendo. Anthu osachepera 8 anaphedwa, wina anachita kutenthedwa ndi moto, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Mphekesera yomweyo inavutanso m'chaka cha 2002.

Inu a kunyanja musati nza kutali. Wopita ndi usipa ku Limbe kuchokera ku Mangochi amadzera pa Liwonde, Zomba ndi pa Njuli m'boma la Chiradzulu. Basi ikafera pa Njuli usiku, mwana wanuyo ndi mlendo, ndipo palibe womudziwa kuti amuikire kumbuyo. Chomwechonso mlendo wofika padoko panu ndi mwana wa wina.

Magwero a chiwawa ndi awa:

1. Mantha. Munthu wamantha saganiza, amangofuna wina woti amuloze chala.

2. Mphekesera. Aliyense amati "ndamva," koma palibe wonena kuti "ndaona."

3. Chigulu. Munthu amene payekha sangamenye ndi mbuzi yomwe, pagulu amatola mwala, poganiza kuti mlandu ugwera onse. Koma pa Tsiku la Kiyama aliyense adzayankha yekha.

4. Kutaya chikhulupiriro mwa apolisi ndi mabwalo a milandu, kufikira anthu ayamba kuweruza okha.

Nanga mankhwala ake nchiyani? Sura ya Al-Hujurat imatilangiza kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kupweteka osalakwa ndi kudzanong'oneza bondo pambuyo. Choncho funsani wobweretsa nkhani kuti, "Kodi mwaona ndi maso anu?" Ngati sanaone, nkhaniyo ithere pa inu, musaipititse pafoni kapena pabwalo la mzikiti.

Mkwiyo ukakufikani, chitani monga anaphunzitsira Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye): khalani chete, ngati mwaimirira khalani pansi, ndipo kachiteni udhu. Wina akakuputani masana, mkumbutseni kuti muli pa swaumu, nimuchokepo. Samalani makamaka nthawi yoyandikira futari, pamene njala yafika pamutu ndipo mawu amatuluka msanga pakati pa bambo ndi mayi.

Munthu akagwidwa pomuganizira cholakwa, akuluakulu amuzungulire namutengera kwa amfumu kapena kupolisi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

MAFUNSO OKAMBIRANA MUKATHA TARAWEHE

1. Ndi mphekesera ziti zimene zinavutapo m'mudzi mwanu?

2. Gulu litagwira mlendo padoko, inu mungachitepo chiyani?