Azakhali Akuyankha: Kodi Mulungu wandikana pa Chinkhoma?

Azakhali, ndine bambo wa ana awiri wa kwa Santhe ku Kasungu. Fodya wandigwetsa zaka zitatu zotsatizana. Chaka choyamba matalala anang'amba masamba, chachiwiri mabelo anabwezedwa ku Chinkhoma, chino kampani yadula ngongole yake ine n'kutsala ndi ya sopo. Chakhumi ndimapereka, kuphiri ndimapita, kudya ndimasala. Pano ndasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Kodi Mulungu wandikana?

Mwana wanga, pukuta kaye misozi, ukhale apa. Anakuuza ndani kuti Mulungu analembedwa ntchito pa okushoni? Amene amayenda pamzere wa mabelo uja, n'kumasolola ndindi, kununkhiza ndi kukwinya nkhope, ndi munthu wa kampani. Iye safunsa masiku amene unasala kudya. Amafuna tsamba louma bwino, losankhidwa bwino.

Za matalala sindikudzudzula. Amagwa m'munda mwa abusa ndi mwa chidakwa chimodzimodzi. Koma za mabelo obwezedwazo, tandiyang'ana m'maso. Unasankha wekha fodya ameneyo, kapena unasiyira ana ndi mayi wawo pamene iwe unali kuphiri? Sunawazeko timadzi kuti sikelo ikukondere? Mkati mwa belo simunalowe timasamba tapansi? Sindikuti unatero, komatu maso angawa aona zambiri. Belo lonyowa limachita nkhungu, ngakhale ulidinde ukuimba nyimbo yachitsitsimutso.

Tatsegula Luka mutu 5. Petro anagwira ntchito usiku wonse panyanja ya Genesarete osapha ndi kansomba komwe. Yesu pofika anampeza ali pagombe akutsuka makoka. Munthu wokhumudwa, watulo, koma akukonzeratu zida za mawa. Ndipo Ambuye sanamuuze kuti abwereze pomwe paja. Anamutuma kwakuya. Iwe wagwa katatu pamalo amodzi, ndipo ukufuna kudzuka n'kukaponda pomwepo kachinayi, ati chikhulupiriro. Ayi mwana wanga, kumeneko ndi kuuma mutu.

Usaganize kuti tsokali layambira pa iwe. Funsa akuluakulu za chaka cha 2011, pamene fodya anachuluka, mitengo n'kugwa, mabelo n'kumabwezedwa tsiku ndi tsiku. Ena anagulitsa malata a nyumba, ena anathawira ku Joni. Kodi onse aja Mulungu anawakana? Ambiri alipo mpaka lero, akulima, kungoti anachenjera.

Kwanu konko ku Kasungu, ku Wimbe, njala ya 2002 inachotsa William Kamkwamba pa sekondale ya Kachokolo chifukwa bambo ake, mlimi wa chimanga ndi fodya, analibe fizi. Mwana wa zaka 14 ankatoleza zitsulo kudzala, anthu n'kumati wachita misala. Anawerenga mabuku a kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale, nalumikiza dayinamo ya njinga ndi mapaipi, mpaka mphepo inayatsa babu m'nyumba mwa makolo ake. Mu 2007 anakayankhula ku Arusha, mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth ku America. Sindikuti nawenso ukamange makina amphepo, ungatigwetsere nyumba. Ndikuti khomo la sukulu litatsekeka, mnyamatayo sanagone pakhomopo. Anakagogoda pena.

Tsono tamva. Madzulo ano ukhale pansi ndi mayi a kunyumba, mutenge kope ndi pensulo. Lembani zonse: mbewu, feteleza, aganyu, mitengo ya chigafa, masaka, jeke, thiransipoti, ndi zimene anadula pamsika. Muone chimene fodyayu amakusiyirani chenicheni. Abambo ambiri amaopa kope kuposa njoka, chifukwa kope limaulula ndi zija zinathera pa sitolo ya zakumwa tsiku lolandira. Mkazi amene anapindika msana kusoka fodya ayenera kuona pepala la malonda ndi maso ake. Ukamubisira, udzalira kawiri, m'thumba ndi kuchipinda.

Ukatero, chepetsa munda wa fodya ufike poti ungathe kuusamala ndi manja a pakhomo pako. Kwinako dzala mtedza ndi soya, nthaka ya Kasungu siikana zimenezi, ndipo sizidya feteleza ngati fodya. Chimanga cha pakhomo chisasowe. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama ya pa okushoni ili pachala, chimanga cha m'nkhokwe chili pamphuno. Ngongole ya kampani usasainire usanamvetse kuti adzadula zingati. Safunsa anadya phula. Pita kwa alangizi, pita kwa mlimi wa m'kalabu mwanu amene mabelo ake sabwerera, ukakhale naye tsiku losankha fodya, uone mmene manja ake amayendera. Kunyada kusiye pakhomo.

Koma chimene chandiwawa kwambiri m'kalata yako ndi chakuti wathawa kutchalitchi. Iwe, mwana iwe! Ukuganiza kuti onse okhala pamabenchi aja fodya wawo anayenda? Theka la iwo ali ndi ngongole kuposa yako, kungoti amasita malaya bwino. Munthu akadzitsekera m'nyumba ndi manyazi, maganizo oipa amamupeza ali yekha, ndipo maliro otere tawalira kokwanira m'midzi muno. Ngati usiku mtima ukulemera mpaka kuganiza zodzichotsera moyo, usadikire kuche. Dzutsa mkazi wako, gogoda kwa mkulu wa mpingo, pita kuchipatala ukanene.

Chakhumi si chiphuphu chopatsa Mulungu kuti akweze mtengo, ndipo kupemphera usasiye. Pempha nzeru, pempha mphamvu, pempha mtima woleza, kenaka udzuke ukaone nazale. Lamulungu likudzali, samba, vala malaya oyera aja, gwira ana kumanja, ukakhale kutsogolo. Wina akakufunsa za Chinkhoma, umuuze kuti zinavuta, kenaka umufunse kuti mbewu ya mtedza akugulitsa bwanji.

Ndine Azakhali ako.