Chilonda Chakuya Chimapola Kuyambira Pansi

Mawu owerenga: Genesis 50:15-21 ndi Mateyu 18:21-35

Ife a m'chigwa cha Phalombe maliro a anthu ambiri tikuwadziwa. Mu Marichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi nakokolola nyumba ndi anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatichitanso chimodzimodzi, kuno ndi ku Mulanje. Tinalira, tinaika amene anapezeka, tinamanganso nyumba. Koma sindinamvepo mayi akufunsa kuti phiri alikhululukire bwanji. Phiri sukumana nalo pamjigo. Bala limene limatisowetsa tulo ndi lija watipatsa munthu amene timamudziwa dzina, amene Lamulungu amagwada pafupi nafe polandira Mgonero.

Phunziro lathu ndi la bala lotero. Tikumbuke chaka cha 2017. Kuyambira mu Seputembala mphekesera ya anamapopa inafala ku Mulanje, kuno ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata ankatchinga misewu ndi kusecha alendo. Anthu osachepera 9 anaphedwa powaganizira chabe, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu ku Blantyre. Mu Okutobala bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Phalombe ndi ku Mulanje. Ogwira ntchito zachipatala nawonso anaopsezedwa. Apolisi anamanga anthu oposa 100, ndipo mphekesera ija inazilala popanda umboni woti wina anapopedwa magazi. Koma amene analoza chala ndi amene analozedwa akukhalabe mudzi umodzi, akugulitsa nandolo pamsika umodzi wa Migowi. Ukafunsa, yankho limakhala lakuti, "Zinatha izo." Kodi zinathadi?

Mawu omwewa timawanenanso kwa mayi wamasiye amene achibale a mwamuna anamulanda malata ndi njinga, kwa agogo amene adzukulu awo anawanena kuti ndi mfiti, ndi kwa mayi amene anatenga kachilombo ka HIV m'banja lake lomwe ali wokhulupirika. Timawauza kuti, "Ingokhululukani, amayi, ndinu Mkhristu." Nthawi zambiri timanena choncho chifukwa ife omvera ndi amene tatopa ndi nkhaniyo.

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinatsuka zilonda zosawerengeka. Chithupsa chachikulu chikatumbulidwa sitisoka pakamwa pake. Timafinya mafinya, timatsuka ndi madzi a mchere, timalowetsa kansalu koyera mkati kuti khungu lisatseke msanga, ndipo wodwala amabweranso mawa ndi mkuja kudzatsukitsa. Zimapweteka, ena amatukwana namwino. Koma chilonda chikatseka pamwamba pansi pali mafinya, mwendo umatupa, thupi limatentha, ndipo poizoni amatha kulowa m'magazi. Chilonda chakuya chiyenera kudzaza mnofu kuchokera pansi. Ndikhulupirira kuti kukhululuka kumene Mulungu amafuna kwa ife kumayenda njira yomweyi, ndipo Yosefe ndiye mboni yanga.

Tiwerengere zaka zake. Abale ake anamugulitsa ali ndi zaka 17. Anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Kunadutsa zaka 7 za chakudya chambiri ndi zaka 2 za njala asanadziulule kwa abale ake. Zonse pamodzi ndi zaka 22. Ndipo atawaona koyamba sanathamangire kukawakumbatira. Anawalankhula mwaukali, anatsekera Simeoni, anabisa chikho m'thumba la Benjamini. Ena amati inali nkhanza. Ine ndimaona munthu amene akufuna kudziwa ngati anthu aja anasintha, ngati angatayenso mwana wina wa Rakele monga anamutayira iye. Yuda atadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa Benjamini, m'pamene Yosefe analephera kudzigwira nalira mokweza.

Koma nkhani sinathere pamenepo, ndipo n'chifukwa chake ndasankha mutu 50. Yakobo anakhala ku Ejipito zaka 17. Atamwalira, abale aja anagwidwanso mantha poganiza kuti Yosefe ankangodikira maliro a bambo kuti abwezere. Akuluakulu anati mlandu suola. Zaka zonsezo ankadya chakudya cha Yosefe, koma mtima uli m'mwamba. Apa m'pamene tikuwamva akupempha chikhululukiro ndi kutchula chimene anachita kuti ndi tchimo. Yosefe analiranso. Taonani yankho lake pa ndime 19 mpaka 21. Sananene kuti palibe kanthu. Anawauza maso ndi maso kuti cholinga chawo chinali choipa. Anakananso kukhala pampando wa Mulungu woweruza, ndipo analonjeza kudyetsa iwo ndi ana awo. Choipa anachitchula dzina, kubwezera anakusiya m'manja mwa Mwini wake.

Fanizo la Ambuye Yesu pa Mateyu 18 likutiphunzitsa chinthu china chimene timachidumpha kawirikawiri. Kapolo woyamba anali ndi ngongole ya matalente 10,000, yosatheka kubweza pa moyo wa munthu. Mnzake anali ndi ngongole kwa iye ya ndalama zasiliva 100. Timakonda kunena kuti yachiwiriyi inali kangongole kachabe. Ayi. Ndalama imodzi yotere inali malipiro a tsiku lathunthu, monga tionera pa Mateyu 20:2. Taganizani ganyu wa masiku 100 m'munda wa mpunga kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, wina n'kukudyerani. Ambuye sakunena kuti chimene anakuchitirani n'chaching'ono. Akunena kuti chimene inu munakhululukidwa n'chachikulu koposa, ndipo mphamvu yokhululukira imachokera pamenepo. Petro ankafuna chiwerengero choti akafikapo aleke. Yankho limene analandira ndimalimva ngati namwino: chilonda chimodzi chomwecho umachitsuka lero, mawa n'kuchitsukanso. Mukadzuka m'mawa n'kupeza mkwiyo wabwerera, musaganize kuti munalephera dzulo.

Mu mpingo wathu wa Anglican tinali ndi mtsogoleri amene anaiona ntchito imeneyi pa dziko lonse. Mkulu wa Mabishopu Desmond Tutu, amene anamwalira pa 26 Disembala 2021, anatsogolera komiti yofufuza choonadi ndi kuyanjanitsa anthu ku South Africa utatha ulamuliro wa tsankho. Kuyambira mu 1996 amayi ankaima pagulu kufotokoza mmene ana awo anaphedwera, ndipo wopempha kuti asaimbidwe mlandu ankayenera kuulula zonse zimene anachita. Si onse amene anakhululuka, si onse amene analapa. Koma amayi ambiri ankapempha chinthu chimodzi choyamba, kuti auzidwe kumene kuli mafupa a mwana wawo. Choonadi chinkayenera kutsogola.

Ndinene mosabisa mawu pa chinthu chimene chavulaza amayi ambiri m'mipingo. Kukhululuka sikutanthauza kubwerera kumene mukumenyedwa, ndiponso sikuletsa chilungamo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndi lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye, limene limati kulanda katundu wa wamasiye ndi mlandu. Mayi akhoza kupita kwa amfumu kapena ku Victim Support Unit kupolisi, mtima wake uli wosafunira wolakwayo choipa. Kukhululuka kumatheka ndi munthu mmodzi pamaso pa Mulungu, ngakhale wolakwayo atamwalira kapena akukanabe. Kuyanjananso kumafuna anthu awiri, ndipo kukhulupirirananso kumadikira zipatso. Chipsera chimatsala, ndipo khungu la pachipsera silifika pa mphamvu ya khungu loyamba.

Chimodzi mwa zolinga zisanu za Mothers' Union, bungwe limene Mary Sumner analiyamba mu 1876, ndi kuthandiza amene moyo wa banja lawo wakumana ndi mavuto. Tikapita kukacheza ndi mayi wovulazidwa, tipite awiri, osati gulu. Timulole afotokoze mpaka amalize, ngakhale nkhaniyo taimva kachisanu. Zimene tamva zisakafike pamtondo. Ngati sakugona, sakudya, kapena akulankhula zofuna kudzipha, timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, pemphero lili pakamwa. Ndipo pakati pathu pakhozanso kukhala amene analoza chala mu 2017, kapena ananyamula nawo katundu wa mlamu wawo. Iwowo ansembe alipo oti awamvere, koma malata abwezedwe.

Mafunso okambirana pagulu: Kodi Yosefe analakwa poyesa abale ake asanadziulule? Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, mayi achite chiyani ngati amene ali pafupi naye ndi yemwe anamuvulaza, ndipo mtima sunakonzeke? Wotsogolera asakakamize wina kutchula dzina la munthu. Mutseke ndi kupempherera mabanja amene anataya abale awo mu 2017.