Kodi nyumba ya masola siwonongadi mlengalenga?

Funso: Bambo, ndinaona chinyumba chatsopano chodzaza masola padenga, ndipo eniake akulengeza kuti sichiwonjezera mpweya wa kaboni mumlengalenga. Kodi ndiwakhulupirire?

Yankho: Mwafunsa bwino, mbale wanga, pakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masolawo amangobweza magetsi amene nyumba imadya anthu atalowamo. Koma isanatsekulidwe n'komwe, imakhala itasenza kale ngongole yolemera, popeza simenti imapangidwa powotcha miyala ya laimu pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mwalawo pawokha umatulutsa kaboni, kotero kuti mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya kaboni wa dziko lonse lapansi. Onjezanipo zitsulo, magalasi, ndi njerwa zathu zowotcha, zimene uvuni wake umameza zipika usiku wonse.

Choncho afunseni eniakewo ngati anawerengera zonsezi. Apempheni mabilu a magetsi a chaka chathunthu, osati malonjezo a wojambula pulani. Ndipo akati anadzala mitengo yobwezera, mupite mukaione ndi maso anu, muwerenge imene yapulumuka ku mbuzi, chiswe ndi moto wolusa wa m'chilimwe.