Dziwani Ufulu Wanu: Bungwe Loona za Ana

Popeza nkhani ya mwana wa ku Makanjira kapena ku Malindi, amene achezera usiku panyanja kupha usipa anzake ali m'tulo kudikira sukulu, imagwa pakati pa aphunzitsi, apolisi ndi achipatala, aliyense n'kumati ndi ya mnzake, Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2019 lamulo lokhazikitsa National Children's Commission, bungwe lolunzanitsa ntchito zonsezi ndi kulangiza boma. Paja mutu umodzi susenza denga.

Dziwani tsono, inu makolo ndi mafumu, kuti chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi yense wosakwana zaka 18, ndipo womkwatitsa kapena kumgwiritsa ntchito yoopsa walakwira lamulo. Mukaona zotere, imbani 116 kwaulere, kapena kanenani ku ofesi yosamalira anthu pa boma la Mangochi.