Tsiku Lopuma ku Point: Poyambira, Podyera ndi Pobwerera

Amalawi ambiri amene ali pa ntchito ku Durban amaidziwa Point ngati dera la nyumba za lendi ndi matakisi basi. Chikhalirecho pansonga imeneyi, pamene doko limakumana ndi nyanja yamchere, munthu akhoza kudyetsa maso tsiku lonse ndi ndalama zochepa.

Choyamba, lawirirani. Ikamati 7 koloko mukhale muli ku South Beach, pafupi ndi chipatala cha Addington, dzuwa lisanayambe kuwawa. Tsatani msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja, kulowera kummwera. Kuyambira mu 2019 msewuwu umakafika pakamwa penipeni pa doko, ndipo ndi waulere.

Mukafika kumapeto musafulumire kutembenuka, chifukwa apa ndiye pagona ulendo wonse. Pezani pokhala, mudikire. Kutsidya kwa madzi kuli chitunda chobiriwira cha Bluff, ndipo pampata wapakatipo ndi pamene sitima zonyamula makontena zimalowera, pang'onopang'ono, timaboti tamphamvu tikuziperekeza uku ndi uku. Amene munazolowera kuona Ilala ikukocheza pa Nkhata Bay mudzagwira pakamwa. Jambulani, kenaka foni ibwerere m'thumba.

Pobwerera, patukirani ku uShaka Marine World, malo amene anatsegulidwa mu 2004. Kuyenda m'mashopu a Village Walk salipiritsa. Cholipira ndi kukaona nsomba, m'nyumba imene anaimanga ngati sitima yakale yowonongeka, momwe shaki imadutsa kuseri kwa galasi, pamphuno panu pomwepa. Ngati muli ndi ana, ndalama imeneyi musaiwumire, koma yambani mwaona mtengo wake pa intaneti musananyamuke kunyumba.

Nkhomaliro ikhale bunny chow. Ndi buledi wokumba pakati, wothiramo ndiwo za kare, chakudya cha Amwenye a ku Durban, amene makolo awo anayamba kufika kuno mu 1860 kudzalima nzimbe. M'timalo todyera ta kunja kwa uShaka mtengo umatsikako. Nenani kuti mukufuna kota ya buledi yokhala ndi nyama ya nkhosa kapena nyemba, ndipo funsirani za tsabola, poti kuno sathira mwamanyazi. Sambani m'manja, supuni ayi. Yambani ndi chibenthu chimene anachotsa pakati chija, mukusunsa, kenaka muzinyema m'mbali. Asilamu funsani ngati ndi halaal. Malo otere ndi ambiri.

Masana kwerani takisi mu Mahatma Gandhi Road, womwe akuluakulu amautchulabe Point Road. Gandhi anafikira pa doko lino mu 1893, ndipo njanji yoyamba ya sitima ya nthunzi mu South Africa inachoka pa Point pomwepa kupita m'tauni mu 1860. Pitani ku Port Natal Maritime Museum, mu Margaret Mncadi Avenue. Ndi kamalo kakang'ono, koma kumeneko mudzaona pafupi boti lakale la Ulundi, limene linkagwira ntchito yonga ya timaboti munaona m'mawa tija. Tsimikizani kaye kuti atsegula tsikulo.

Ofuna kusambira, lowani pakati pa mbendera pokha, pamene pali opulumutsa anthu, ndipo akatseka gombe musachite makani. Mapepala anu okhalira m'dziko muno akhale nanu. Dzuwa likamapendeka nyamukani, ndipo tinjira ta kuseri kwa Mahatma Gandhi Road musayendemo nokha kukada.